Kuseri kwa Paketi

Amidu waigwira kale paketi ija,
ya maswiti ofewa, timbozi tofiira ndi tobiriwira,
waigwira ngati ndalipira.
Tili m'golosale ya a Namakhwa ku Chinamwali,
kunja minibasi ikukuwira za ku Liwonde,
ndipo mvula yayamba kutsika phiri la Zomba ndi mapazi ake onse.

Bweretsa kuno, ndione kuseri.

Kuseri kuli nyerere za zilembo
zafola mizere isanu ndi iwiri.
Chingerezi pamwamba, Chipwitikizi pansi pake,
ndi chilankhulo china chomwe sindinachimvepo.
Shuga ndamuona. Madzi ndawaona.
Kenako E ndi nambala, E ndi nambala inanso,
ngati galimoto zoimikidwa pa rodibuloko.
Ndiye liwu lija, lakhala phee pakati pa anzake:
jelatini.

Jelatini wa chiyani?
Fupa likasungunuka silitchula mwini wake.
La nsomba, la ng'ombe, la nkhumba,
mumphika wa fakitale onse amavala yunifolomu imodzi.
Tinene kuti ndi la ng'ombe:
anaizinga ndani,
ndipo anatchula dzina la yani mpeni usanatsike?

Ndikufuna kachidindo kaja ka halali.
Pomwe kakanakhala amatapo sitika ya mtengo.
Ndikanda ndi chikhadabo,
sitika ichoka ndi utoto womwe,
patsala chipsera choyera chosanena kanthu.

"Amayi, Latifa amadya amenewa ku madrasa."
Latifa ali ndi amayi ake, mwanawe.
Mwina paketi yawo inayankhula.
Yathuyi yatseka pakamwa.

A Namakhwa asiya kuwerenga tchenji.
Avula magalasi awo omanga ndi ulusi mbali imodzi,
awapukuta pa malaya, andipatsa.
"Ife a Sabata nafenso timatembenuza mapaketi, mayi.
Oda imeneyi ndinangotenga ku Limbe mothamanga."
Tsopano tawerama awiri pa kauntala,
mpango wanga ndi dazi lawo,
kusaka nkhumba m'zilembo zochepa kuposa mapira.

Pansi penipeni pali nambala ya foni.
Aimba ndi mayunitsi awo.
Iitana, iitana,
kwinakwake kutali m'ofesi yopanda munthu,
kenako mayi wa m'makina atiuza kuti tiyesenso nthawi ina.

Shehe Mdoka anatiphunzitsa Lachisanu lina:
chomwe chikukukayikitsa, chisiye.
Pa mkeka wa mumzikiti mawuwo anali opepuka.
Pano akulemera ngati mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi
yemwe mlomo wake wam'munsi wayamba kunjenjemera.

Ndibweza paketi pa shelefu.
Sindinanene kuti ndi haramu.
Ndangoti sindikudziwa,
ndipo kusadziwa sindingakuike m'kamwa mwa mwana wanga.

Pakhonde mayi Asiyatu abisala mvula ndi beseni lawo.
Mtedza wokazinga, timapepala tomanga pakamwa.
Mulibe chidindo, mulibe tsiku lothera ntchito.
Mwathiramo chiyani, mayi?
"Mchere. Ndi manja angawa."
Aonetsa zikhatho zonse ziwiri, zakuda ndi utsi wa chiwaya.
Ndigula tiwiri.

Amidu akudya koma sanandikhululukire.
Akutafuna akuyang'ana kumbuyo, ku timbozi take tija,
makoko a mtedza akumata pachibwano.
Tidzafika ku Matawale asanandigwire dzanja.

Mawa lake ndikudutsa pomwepo popita kumsika,
a Namakhwa andikodola.
Maswiti aja awasunthira pa shelefu ya pamwamba,
pomwe maso a ana safika,
ndipo pa katoni alemba ndi cholembera chofiira:
Tikufunsabe.

Foni ija akuti sinayankhidwebe.
Magalasi awo ali pa kauntala, pafupi ndi sikelo,
kudikira wina wotembenuza paketi.